Phunziro la Chigwirizano: Mulungu Apatsa Luso Kuti Tiphunzitse Ena

Kuwerenga: Eksodo 35:20-35, Machitidwe 9:36-42, Yoswa 4:1-9

Vesi loloweza pamtima: Eksodo 35:34

Cholinga cha phunziro: Kuti tizindikire kuti luso la manja ndi mphatso ya Mulungu, kuti mphatsoyi siyenera kupita kumanda pamodzi ndi mwini wake, ndi kuti Chigwirizano chilichonse chingathe kuyamba kalasi la nchito za manja ndi zinthu zimene chili nazo kale.

Mau oyamba

Azimai okondedwa mwa Ambuye, pafupifupi mumpingo uliwonse muli mai amene manja ake adziwa chinthu chimene ena sadziwa. Wina aumba nkhali yosadontha, wina aluka juzi la mwana osayang'ana pepala, wina apeta maluwa pa nsalu ya patebulo, wina atunga mikanda, wina adziwa kumene kupezeka dothi lofiira, loyera ndi lakuda lokongoletsera chipupa cha nyumba. Ambiri a azimai amenewa ndi okalamba. Timawayamikira, timagula zimene apanga, koma ndi kangati pamene takhala pansi pafupi nao ndi kunena kuti, "Amai, ndiphunzitseni"?

M'mizinda yambiri ya pa dziko lapansi muli makalasi kumene anthu wamba, akulu ndi ana omwe, amasonkhana kuphunzira kudinda zithunzi, kukongoletsa nsalu ndi kusamala zinthu zakale monga amachitira anthu a ku myuziyamu. Ena a ife tikamva zimenezi timaganiza kuti ndi za anthu olemera kapena za alendo odzaona nyama. Koma tikatsegula Buku Lopatulika tipeza kuti kalasi lotere linachitika kale m'chipululu, pansi pa phiri la Sinai, ndipo amene analamula kuti lichitike ndi Mulungu mwini.

1. Luso lichokera kwa Mulungu

Pamene Mulungu anafuna kuti chihema chokomanako chimangidwe, anaitana munthu wina ndi dzina lake. Munthuyo ndi Bezaleli, mwana wa Uri, wa fuko la Yuda. Pa Eksodo 31:1-6 timva kuti Mulungu anamdzaza ndi Mzimu wake, ndipo chotsatira chake sichinali kulalika kapena kunenera, koma kudziwa kusula golide, siliva ndi mkuwa, kuzokota miyala ndi kusema mitengo. Mnzake Oholiabu, wa fuko la Dani, anali katswiri wozokota, wolinganiza maonekedwe a zinthu ndi wopeta nsalu (Eksodo 38:23). Mzimu yemweyo amene apatsa abusa mau pa gome ndiye anapatsa amisiriwa nzeru m'zala zao.

Tsopano tiyang'ane mavesi 25 ndi 26 a mutu 35, pakuti ndi pamene pali ife. Azimai aluso anapota ulusi ndi manja ao, wa mitundu itatu pamodzi ndi bafuta wosalala, ndipo ena anapota ubweya wa mbuzi. Tisaganize kuti inali nchito yaing'ono. Pa Eksodo 36:14-15 tiwerenga kuti nsalu za ubweya wa mbuzi zophimba chihema zinalipo 11, iliyonse yotalika mikono 30 ndi yotambasuka mikono 4. M'miyeso yathu ya lero, nsalu imodzi inali yopitirira mamita 13 m'litali, ndi pafupifupi mamita 2 m'lifupi. Mai aliyense amene anayesapo kupota chingwe pa ntchafu adziwa kutalika kwa nthawi imene ipita kuti apeze mkono umodzi wokha. Ulusi wonse wa nsalu 11 zija unadutsa m'zala za azimai, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku.

Maina a azimaiwa sanalembedwe. Koma likasa la chipangano likadanyowa ndi kupsa ndi dzuwa pakadapanda nchito yao. Anali anthu ongotuluka kumene mu ukapolo, okhala m'misasa, opanda sitolo kapena makina. Anabwera ndi chimene manja ao anadziwa, ndipo Mulungu anachilandira nachiika pa nyumba yake. Mai amene sudziwa kuwerenga bwino, amene uchita manyazi kupemphera pagulu, koma singano ndi ulusi zikumvera, usadzipeputse. Uli ndi mphatso yochokera kumwamba.

2. Mphatso yachiwiri: mtima wophunzitsa

Vesi lathu loloweza likutiuza kuti Mulungu anaikanso mumtima mwa Bezaleli ndi Oholiabu kuti aphunzitse ena. Mphatso zinali ziwiri: kudziwa, ndi kufuna kuti ena adziwe. Anthu awiri okha sakadatsiriza chihema. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake Mulungu sanangopanga akatswiri, koma anapanga aphunzitsi.

Apa ndi pamene ambiri a ife tilephera. Mai wodziwa kunyika nsalu atseka chitseko posakaniza utoto, poopa kuti mnzake akadziwa adzamlanda ogula. Wodziwa kudula diresi abisa mapepala ake pansi pa matiresi. Komanso atsikana athu ena amanyoza nchito za manja nati, "Zimenezo n'za agogo." Pakati pa kubisa kwa akulu ndi kunyoza kwa ana, luso likutha.

Taganizani za Dorika wa ku Yopa. Atamwalira, amasiye anaimirira mozungulira Petro akulira, namuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka. Zovala zija zinali umboni wa chikhulupiriro chake, umboni wogwirika ndi manja. Ambuye anamuukitsa, ndipo ambiri m'mudzimo anakhulupirira. Koma Dorika sanakhale ndi moyo wosatha pansi pano. Tsiku lina anagonanso. Funso kwa ife ndi ili: Dorika wa mumpingo mwathu akadzagona, adzasokera amasiye ndani? Paulo anauza Tito kuti azimai aakulu aziphunzitsa azimai aang'ono zokoma (Tito 2:3-5). Chilangizo sichithera pa mau okha. Chifikanso pa singano, pa mbiya ndi pa nsalu.

Mbiri ya dziko lathu itichenjeza. Makolo athu ankasenda khungwa la mombo ndi kulisula mpaka lifewe, napanga chiwondo chovala ndi choberekera ana. Ankapotanso thonje ndi kuomba nsalu. Pa Ingombe Ilede, pafupi ndi Siavonga, pamene anthu anafukula manda akale m'chaka cha 1960, anapeza mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, ndiponso tizidutswa ta nsalu. Lero ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi tilima thonje, tilikweza m'malole, kenaka tipita kukasankha salaula. Salaula yatithandiza kuvala, sitikana. Koma m'mudzi mwanu atsala angati amene angapote ulusi kuchokera ku thonje la m'munda mwao? Luso limene makolo anali nalo zaka mazanamazana linazimirira m'mibadwo iwiri kapena itatu, chifukwa panalibe wolilandira.

3. Kodi zimenezi si mafano?

Ife a Eklesia wa Chikonzedwe timasamala kwambiri lamulo lachiwiri, ndipo nkoyenera. Mai wina angafunse kuti, "Kodi Mkhristu aloledwa kujambula ndi kusema?" Funsoli ndi labwino, tiliyankhe ndi Mau a Mulungu.

Buku la Eksodo liika nkhani ziwiri moyandikana. Pa mutu 32 anthu anavula mphete za golide za m'makutu, ndipo Aroni anapanga nazo mwana wa ng'ombe, anthu namgwadira. Pa mutu 35 anthu omwewo anabweretsanso mphete ndi zokometsera zao za golide, ndipo zinapanga zipangizo za m'chihema. Golide ndi mmodzimodzi, luso ndi limodzimodzi. Chosiyana ndi ichi: poyamba anapanga chinthu choti achipembedze monga mwa maganizo ao, kachiwiri anapanga zinthu zotumikira nazo Mulungu monga mwa lamulo lake. M'chihema munali zifaniziro za maluwa a katungurume pa choikapo nyali, ndi za makangaza m'mphepete mwa mkanjo wa mkulu wa ansembe. Mulungu sadana ndi kukongola, pakuti ndiye anavalika nkhanga madontho ake.

Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa m'chaka cha 1563, alongosola bwino nkhaniyi pa Sabata 35, mafunso 96 mpaka 98. Chiphunzitso chake ndi chakuti Mulungu sitingathe ndipo sitiyenera kumjambula mwa njira iliyonse. Zolengedwa tingazijambule, koma osati kuti tizipembedze kapena kupembedza Mulungu kudzera mwa izo. Ndiponso zithunzi zisalowe m'malo mwa ulaliki wa Mau m'kachisi. Tsono mai amene adinda nsomba, mpendadzuwa kapena mtondo pa nsalu sanachimwe.

Chenjezo lina lili pa 2 Mafumu 18:4. Njoka ya mkuwa imene Mose anapanga polamulidwa ndi Mulungu inasungidwa zaka zambiri, mpaka anthu anayamba kuifukizira zonunkhira. Mfumu Hezekiya anaiphwanya. Chinthu chabwino chosungidwa chingasanduke fano ngati tiyamba kukhulupirira kuti chili ndi mphamvu. Buku lakale la agogo kapena yunifomu ya mai woyambitsa Chigwirizano tizisunge kuti zitikumbutse za chisomo cha Mulungu, osati kuti tizizigwira pofuna mwai kapena machiritso.

4. Zimene ena achita kale m'Zambia muno

Sitikuyamba chinthu chachilendo. Henry Tayali, amene anabadwa m'chaka cha 1943 namwalira mu 1987, anali wojambula, wosema ndi wodinda zithunzi wodziwika kwambiri. Ankazokota chithunzi pa thabwa, napaka inki, nadinda pa pepala. Nyumba yoonetsera zojambula ya ku Showgrounds mu Lusaka itchedwa ndi dzina lake. Mu 1986 iye pamodzi ndi azimai awiri, Cynthia Zukas wodinda zithunzi ndi Bente Lorenz woumba, anayambitsa bungwe la Lechwe Trust, lothandiza aluso kuphunzira ndi logula nchito zao kuti zisathere kunja kwa dziko.

Kwathu kuno kum'mawa, ku Mfuwe, kuli Tribal Textiles imene inayamba mu 1991. Kumeneko anthu a m'midzi yozungulira amakongoletsa nsalu za thonje ndi manja, pogwiritsa nchito phala la ufa ndi madzi, ndipo nsaluzo zimagulidwa ndi anthu a maiko akutali. Ku Choma, myuziyamu ya kumeneko yakhala ikuthandiza azimai a Chitonga kugulitsa madengu ao oluka.

Za kusunga zinthu zakale, myuziyamu ya ku Livingstone inayamba mu 1934, ndipo ya mu Lusaka inatsegulidwa mu 1996. Ya Moto Moto ku Mbala inachokera pa khama la munthu mmodzi, wansembe Jean-Jacques Corbeil, amene kwa zaka zambiri ankasonkhanitsa zipangizo za m'midzi zimene ena ankaziona ngati zachabe. Mu 2016 azimai awiri, Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe, anayambitsa Women's History Museum of Zambia, ataona kuti mbiri ya azimai a dziko lino sinalembedwe mokwanira. Tikumbukenso chigaza cha munthu wakalekale chimene chinapezeka mu mgodi ku Kabwe mu 1921. Chinatengedwa kupita ku London, ndipo boma la Zambia lachipempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere. Ukapanda kusunga chako, akusungira ndi ena, ndipo udzachita kupempha kuti uchione.

5. Makalasi atatu amene tingayambe

Kalasi loyamba: kudinda. Kudinda ndiko kupanga chidindo kamodzi ndi kuchigwiritsa nchito kambirimbiri. Ife ana a Chikonzedwe tili ndi mangawa ku luso limeneli. Cha m'ma 1455 Johannes Gutenberg anadinda Baibulo ku Mainz, ndipo pamene Martin Luther anatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, makina odinda ndiwo anachifikitsa m'manja mwa anthu wamba. Buku Lopatulika limene tili nalo, lotsirizidwa kumasuliridwa cha m'ma 1922, linatifika mwa njira yomweyo.

Poyamba kuphunzira, dulani mbatata pakati ndi kuzokota duwa kapena tsamba pa mbali yosalalayo. Chidindo chokhalitsa chipangidwa ndi patapata wakutha kapena kathabwa kofewa. Jambulani chithunzi ndi pensulo, ndipo chotsani ndi kampeni mbali zonse zimene simufuna kuti zioneke. Chotsala pamwamba ndicho chidzadinda. Podula, mpeni uziloza kutali ndi dzanja limene lagwira. Pakani penti ndi kasiponji, pang'ono chabe, pakuti penti wochuluka atseka mizere. Yalani bulangete lakale pa tebulo, nsalu pamwamba pake, ndipo kanikizani chidindo osachigwedeza. Ngati mudinda pa pepala, ikani pepalalo pamwamba pa chidindo ndi kulisisita ndi kumbuyo kwa supuni. Kumbukirani kuti chidindo chitembenuza zinthu monga kalilole: malemba muwazokote chobwerera, apo ayi adzatuluka otembenuka. Ndi luso ili tingapange makadi a Khrisimasi ndi a ukwati, nsalu za patebulo, matumba a mabuku a ana a Sande Sukulu, ndi makatani.

Kalasi lachiwiri: kukongoletsa nsalu. Sankhani nsalu ya thonje, chifukwa nsalu za nailoni ndi poliyesita sizimwa bwino utoto wamba. Ichapeni poyamba kuti mankhwala a kufakitale achoke. Njira ya phala ndi iyi: sakanizani ufa wa tirigu ndi madzi mpaka zikhale ngati phala la mwana, lopanda mibulu. Thirani m'botolo la kamwa yaing'ono, ndi kulemba nalo maluwa kapena mizere pa nsalu. Yanikani pa dzuwa mpaka phalalo liume gwa. Pakani penti wa nsalu m'mipata monse, yanikaninso, kenaka sitani kumbuyo kwake ndi simbi yotentha kuti penti agwire, motsata malangizo olembedwa pa chitini. Pomaliza viikani m'madzi ndi kupala phala lija ndi supuni. Pamene panali phala padzatsala mizere yoyera yokongola.

Njira ina ndi yomanga ndi kunyika, imene ambiri aitcha tie and dye. Pamene mwamanga zolimba ndi ulusi utoto sulowa. Utoto wina ufuna soda woyabwa, ndipo apa pafunika kusamala kwenikweni. Valani magolovesi, gwirirani nchito panja, thirani soda m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa soda. Ana akhale kutali. Beseni, mphika ndi mthiko za utoto zisabwererenso kukhichini, ndipo madzi otsala musatayire pafupi ndi chitsime. Amene alibe ndalama ya utoto angayambe ndi makoko a anyezi owiritsa, amene apatsa nsalu mtundu wachikasu chofiirira, ngakhale kuti mtunduwo sukhalitsa ngati wa m'sitolo.

Kalasi lachitatu: kusunga chikumbutso. Mulungu analamula kuti mana ena aikidwe mumphika ndi kusungidwira mibadwo ya m'tsogolo (Eksodo 16:32-34). Analamulanso Yoswa kutenga miyala 12 pakati pa Yordano. Chifukwa chake chalembedwa poyera: kuti ana akadzafunsa tanthauzo la miyalayo, makolo adzapeze poyambira kuwauza nchito za Mulungu. Mwala pawokha sulankhula. Ufuna munthu wodziwa nkhani yake. Imeneyi ndiyo nchito ya wosamala zinthu ku myuziyamu: kusunga chinthu pamodzi ndi nkhani yake.

Eklesia wathu anayamba ku Magwero pa 5 July 1899, ndipo mu 2024 zinakwana zaka 125. Mu 1905 kunayamba sukulu ya osaona ku Magwero komweko. Mu 1929 Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa mwa ife eni dziko. Zimenezi zinalembedwa, n'chifukwa chake tizidziwa. Nanga za mpingo wanu? Ndani anali mkhalapampando woyamba wa Chigwirizano? Ndi azimai ati anasenza madzi ndi udzu pomanga kachisi woyamba? M'mipingo yambiri mabuku akale a misonkhano ali m'katoni pansi m'chipinda cha akulu a mpingo, ndipo chiswe chikuwerenga m'malo mwathu.

Tiyambe ndi kabati imodzi ndi buku limodzi lachikuto cholimba. Chinthu chilichonse chobwera chipatsidwe nambala, ndipo m'buku mulembedwe dzina la chinthucho, amene anachipanga, amene anachigwiritsa nchito, chaka, mudzi, amene wachipereka, ndi ngati wapereka chiperekere kapena wangobwereketsa. Zoyenera kusunga ndi monga buku lakale la nyimbo, yunifomu yoyamba, zithunzi, chitsulo chimene chinkalira ngati belu, chikho chakale cha Mgonero, nkhali, chipande, lichero ndi nsalu zopeta za amai athu amene anatsogola.

Adani a zinthu zakale ndi dzuwa, chinyezi, chiswe, njenjete, mphemvu ndi makoswe. Kabati ikhale yotukuka pansi, yosagunda chipupa, kutali ndi zenera ndi podontha. Nsalu muzikulunge m'nsalu ina yoyera ya thonje, ndipo ndi bwino kuzipiringiza kusiyana ndi kuzipinda, chifukwa zimathetheka m'mopindamo. Musazitsekere m'mapulasitiki, pakuti asunga chinyezi ndi kubala nkhungu. Pepala long'ambika musalimate ndi selotepi. Chotsani mapini ndi mawaya amene achita dzimbiri. Kumbuyo kwa chithunzi lembani maina ndi pensulo, osati bolopeni. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, ndi kusunga zithunzizo m'malo awiri osiyana. Koposa zonse, pitani kwa agogo akali moyo, muwapemphe chilolezo, ndi kujambula mau ao pamene akusimba. Mau a akuluakulu akoma akagonera, koma agonera pokhapokha wina atawasunga.

Mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a milandu ali m'manja mwa bwalo la akulu a mpingo. Tingathandize kuwasamala, koma si oika poyera. Chimodzimodzi zinthu zokhudza miyambo yachinsinsi kapena zithumwa: zikabwera, tisaweruze tokha, tifunse abusa ndi akulu a mpingo.

6. Tiyambe bwanji?

Choyamba, mlembi alembe maina a azimai onse ndi luso limene aliyense ali nalo. Mudzadabwa ndi chuma chimene chakhala chete pa mabenchi. Musaiwale amai amene sathanso kuyenda kufika ku kachisi. Kalasi lingawatsate kunyumba kwao.

Chachiwiri, dziwitsani amai busa, abusa ndi akulu a mpingo, kuti zonse zichitike moyenera ndi molongosoka.

Chachitatu, sankhani luso limodzi lokha la miyezi itatu yoyamba. Kalasi likhale litatha mapemphero ndi phunziro la Mau, lisalowe m'malo mwake. Mai aliyense abwere ndi mtsikana mmodzi, wake kapena wamasiye wa pafupi naye. M'mera mpoyamba.

Chachinai, amene waphunzira alonjeze kuphunzitsa wina mmodzi chaka chisanathe. Amenewa ndiwo malipiro a sukulu yathu.

Chachisanu, za ndalama zikhale poyera. Magulu ambiri abwino afera pa kasupe wa ndalama, osati pa kusowa luso. Zida zoyamba zingagulidwe ndi chopereka chapadera kapena chilimba. Msungichuma alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndi kuwerenga pamaso pa onse mwezi ndi mwezi. Poika mtengo werengani nsalu, penti, ulusi, makala a simbi, ulendo ndi nthawi ya wopanga. Gwirizanani musanagulitse kanthu kuti gawo la wopanga ndi liti, la gulu ndi liti, la amasiye ndi odwala ndi liti. Nsalu imene isuluka musaigulitse ngati yosasuluka, pakuti muyeso wonyenga Yehova anyansidwa nao (Miyambo 11:1). Lidiya wa ku Tiyatira anali wogulitsa nsalu za mtengo wapatali, ndipo malonda ake sanamtsekereze kumva Mau. Ambuye atatsegula mtima wake, iyenso anatsegula nyumba yake (Machitidwe 16:14-15).

Nsalu zoyamba zidzatuluka zopotoka, manja adzada ndi penti, ndipo ena adzaseka. Walira mvula walira matope. Tisaleke pa mwezi woyamba.

Mafunso okambirana

1. Pa Eksodo 35:25-26, n'chiani chinafulumiza azimai kugwira nchito ija? Kodi ife chimatifulumiza n'chiani?

2. N'chifukwa chiani anthu ena amabisa luso lao? Eksodo 35:34 iwayankha bwanji?

3. Fotokozani kusiyana kwa golide wa pa Eksodo 32 ndi wa pa Eksodo 35. Kodi chinthu chosungidwa chisanduka fano liti?

4. Tchulani luso limodzi la m'dera lanu limene latsala ndi munthu mmodzi kapena awiri. Ndani mwa ife apite kukaphunzira?

5. Mwana wa Sande Sukulu atafunsa kuti mpingo uno unayamba bwanji, tingamuonetse chiani?

Nchito ya mwezi uno

Pa msonkhano wotsatira mai aliyense abwere ndi chinthu chimodzi chopangidwa ndi manja, chake kapena cha amake kapena cha agogo ake, ndipo asimbe nkhani yake mwachidule. Mlembi alembe zonse m'buku latsopano. Azimai awiri asankhidwe kukachezera mai wamkulu koposa onse mumpingo ndi kulemba zimene akumbukira za chiyambi cha Chigwirizano.

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaumba munthu ndi dothi ndi kumsokera chovala choyamba, tikuyamikani chifukwa cha manja amene munatipatsa. Mutikhululukire pamene tabisa mphatso zanu, ndi pamene tanyoza nzeru za amai athu. Mutipatse Mzimu amene munapatsa Bezaleli, kuti tidziwe ndi kuti tiphunzitse. Mutisunge ku mafano, ku nsanje ndi ku chinyengo pa ndalama. Nchito ya manja athu iveke amasiye, idyetse ana, ndi kukumbutsa mibadwo ikudzayo za zazikulu zimene mwatichitira. Tipempha m'dzina la Yesu Khristu, Mpulumutsi wathu. Amen.